MMODZI TINATI WALODZEDWA, WINA TINATI NDI MFITI

Nkhani imene ndifuna kukuuzani lero ndi ya m'nyumba mwathu mweni-mweni, ndipo ndaisunga mu mtima zaka zambiri cifukwa ca manyazi. Ine ndine mphunzitsi wopuma pa nchito wa ku Katete, woyamba kubadwa pa ana asanu ndi mmodzi. Pa banja lathu anthu awiri anadwala m'mutu: mng'ono wanga ali mnyamata, ndi amai atakalamba. Matenda awiriwa ife a pamudzi tinawapatsa maina osiyana kutali. Za mnyamata tinati walodzedwa, koma za nkhalamba tinati ndiyo mfiti. Panapita zaka zoposa 30 ndisanazindikire kuti tinalakwa konse kuwiri, ndi kuti awiriwa anali kudwala ciwalo cimodzi.

Mu 1988 mng'ono wanga anali ndi zaka 21. Anali mnyamata wacangu, wodziwa masamu ndi wokonda mpira. Nthenda inamulowa pang'ono-pang'ono monga ciswe cilowa m'mzati. Poyamba analeka kusamba ndi kuceza ndi anzace. Kenaka anayamba kunena kuti wailesi irikukamba za iye, ndi kuti ku denga kuli anthu omunyoza amene ife sitinali kuwamva. Usiku wina anathawira ku chire, ndipo tinakamupeza ku dambo pa tsiku lacitatu. Tinamumangirira ku mtengo wa mango ndi cingwe ca ng'ombe, ndipo mfundo ya cingweco ndinamanga ndine. Atate anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti alipire ng'anga, imene inamutema mphini thupi lonse niinena kuti wamulodza ndi mbale wina wocita nsanje ndi maphunziro ace. Motero tinadana ndi anthu osacimwa, koma wodwalayo sanapeze bwino.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, mphunzitsi mnzanga anatiumiriza kupita naye ku cipatala, ndipo kumeneko anatitumiza ku Chainama ku Lusaka, cipatala ca boma ca matenda a maganizo. Adotolo anati nthendayo ichedwa schizophrenia, namupatsa mankhwala. Pa miyezi itatu mau a ku denga aja anatha, ndipo anabwerera ku mudzi wodziwa anthu ndi wolankhula zanzeru. Koma cangu cace sicinabwerenso. Anali kukhala pa mpando tsiku lonse, nkhope yosaseka ndi yosalira, ndipo ukapanda kumuuza kuti tenga khasu, sanali kulitenga. Tonse tinati wasanduka waulesi. Amai okha ndiwo sanatope naye. Anali kumuwerengera mapiritsi madzulo ali onse ndi kumuperekeza ku kiliniki mwezi ndi mwezi kukalasidwa nyeleti, ndipo anacita zimenezi zaka 28.

Mu 2016 amai nawonso anayamba kusintha. Anali kuthira mcere kawiri m'ndiwo, kusiya mphika pamoto mpaka kupserera, ndi kufunsa katatu ngati tadya mbale ziri pamaso pao. Anatukwana mpongozi wao kuti waba citenje cimene iwo eni anaika m'nkhokwe. Cotidabwitsa cinali cakuti zakale anali kuzikumbukira bwino lomwe. Anali kuchula maina a ng'ombe za atate ao imodzi-imodzi, kufotokoza m'mene anabvinira pa tsiku la ufulu mu 1964, ndipo Chipata anayambanso kuicha Fort Jameson. Ife tinati ndi ukalamba cabe, ndipo tinali kuseka.

Kuseka kunatha m'mwezi wa June mu 2019. Mbandakuca wina, nyengo ya cisanu, amai anapezeka atakhala pa khomo la nyumba ya eni kumapeto kwa mudzi, kufupi ndi njira ya kumanda, alibe cobvala ndipo alikunjenjemera. Tsoka lace, banja limenelo linali litangotaya mwana. Mfuu inamveka mudzi wonse kuti mfiti yagwa, kwaicera. Anthu anawazinga ndi kuwafunsa kuti, “Kodi mwana uja munadya ndinu?” Amai, posamva cimene cinali kunenedwa, anabvomera ciri conse ndi mutu. Pamenepo wina anafuula kuti, “Ndiyetu anapusitsa mwana wace yemwe!” Anyamata anayamba kutola miyala ndipo ena anathamangira kukatenga moto. Tsono mng'ono wanga, munthu uja wosacita kanthu osauzidwa, analowa pakati pa khamulo osalankhula, nabvula jekete lace, nawapfunditsa amai, nawabereka kumbuyo kubwerera nao kunyumba. A Nyakwawa analetsa anyamata kuocha nyumba, natipatsa masiku akuti tione cocita.

Apa ndiyenera kuulula chimo langa. Ine, mphunzitsi amene ndinaphunzitsa ana a eni zaka 30, pomva nkhaniyi pa lamya ndinadzifunsa mu mtima kuti, kodi nanga nkukhala zoona? Munthu wamkulu angafike bwanji pa khomo la eni usiku ali maliseche? Amene anandicotsa m'mdima umenewu ndi mwana wanga wamkazi, namwino ku Lusaka. Iye anati, “Atate, ambuya alikudwala. Bwerani nao kuno msanga.”

Ku cipatala cacikulu anayamba ndi kupima magazi. Anatiuza kuti pali zinthu zina zosokoneza mutu zimene ziri ndi mankhwala, monga cindoko cokhalitsa, kacirombo ka HIV, bvuto la cithokomiro ndi kucepa kwa vitamini B12 m'thupi, kotero kuti munthu asanachedwe woiwala kosacira ayenera kupimidwa zimenezi. Amai analibe ciri conse ca izi. Pambuyo pace anawagoneka m'makina ojambula za mkati mwa mutu, ndipo adotolo anaika cithunzi cao pambali pa cithunzi ca munthu wabwino kuti ndione ndi maso anga.

Inu nonse amene munaswapo mutu wa mbuzi muudziwa ubongo: ndi nyama yofewa, yotuwa, ya makwinya. Wa munthu uli comweco, koma ndi waukulu, wolemera kilogalamu imodzi ndi magalamu 300 kapena 400. Mkati mwace muli tizidutswa tamoyo tosaoneka ndi maso, tochedwa maselo, tokwana ngati mabiliyoni 86, tolukana-lukana monga mizu ya kapinga. Kukumbukira, kulankhula, manyazi, cifundo, ngakhale cifuniro ca kudzuka ndi kutenga khasu, zonsezi zicokera m'nyama imeneyi, ndipo gawo liri lonse liri ndi nchito yace.

Pa cithunzi ca munthu wabwino, ubongo unadzaza cigaza monga nshawa yokhwima idzaza khoko lace. Wa amai unali ngati nshawa yofota, yosiya mpata m'mbali monse. Pakati pa ubongo pali timaenje ta madzi timene munthu ali yense ali nato, koma ta amai tinali titakula, monga m'mene mphako ya dzungu ikulira nyama yace ikacepa. Kenaka adotolo analoza kagawo kopindika, kausinkhu wa kacala kakang'ono, kokhala mkati molunjika ndi khutu, kamodzi kumanja kena kumanzere. Anati dzina lace ndi hippocampus, ndipo ka amai kanali katatha kwambiri. “Aphunzitsi,” iwo anatero, “kameneka ndiko khomo la nkhokwe. Cimanga cakale cimene cinalowa khomo likali lotseguka cikali momwemo, ndico cifukwa cace amai anu akumbukira ng'ombe za atate ao. Koma ca lero cilibe polowera. Usiku uja ayenera kuti anaturuka kupita ku cimbudzi, naiwala njira yobwerera, naiwalanso kuti munthu amabvala.” Anati ndi nthenda ya Alzheimer, imene iri mtundu wofala koposa wa matenda a kutha nzeru ochedwa dementia.

Ndinakhala cete kanthawi, ndipo kenaka ndinafunsa funso limene linali kundilemera. “Adotolo, nanga wofuntha ali mnyamata, m'mutu mwace mumaoneka bwanji?” Iwo anayankha kuti funso limeneli labvutitsa anthu ophunzira zaka zoposa 100, ndi kuti yankho lace likupezeka tsopano lino. Zotsala anandifotokozera ndi mwana wanga madzulo ambiri, ndipo ndizo ndifuna kugawana nanu.

Mu 1901, mu mzinda wa Frankfurt ku Germany, dotolo wina dzina lace Alois Alzheimer analandira m'cipatala ca amisala mai wa zaka 51, Auguste Deter, amene anali kuiwala, kukaikira mwamuna wace ndi kufuula usiku. Maiyo atamwalira mu 1906, Alzheimer anapima ubongo wace ndi galasi lokuza zinthu, naupeza wofota, wodzala ndi timibulu ta zinyalala pakati pa maselo ndi tiulusi topotana mkati mwa maselowo. Mkulu wace wa nchito ku Munich, Emil Kraepelin, ndiye anacha nthendayi dzina la Alzheimer mu 1910. Kraepelin yemweyu anali atalongosola kale nthenda ya anyamata yonga ya mng'ono wanga, ndipo anaicha dementia praecox, ndiko kuti kutha nzeru kofika msanga. Mwaona kuti kuyambira paciyambi matenda awiriwa anali ndi dzina la mtundu umodzi. Koma mu 1908 Eugen Bleuler wa ku Switzerland anaipatsa nthenda ya anyamatayi dzina latsopano la schizophrenia, pakuti anaona kuti si onse odwala amene amaipira-ipira. Ndiponso opima mitembo sanapeze timibulu tija mu ubongo wa anyamatawo. Cotero kwa zaka zambiri ophunzira ambiri anaganiza kuti wokalamba woiwala ali ndi ubongo woonongeka, koma wofuntha ali ndi ubongo wathunthu.

Maganizo amenewa anagwedezeka mu 1976, pamene Eve Johnstone ndi anzace a pa cipatala ca Northwick Park ku London anajambula odwala schizophrenia ndi makina atsopano a nthawi imeneyo, napeza kuti timaenje ta madzi tija tinali tatikulu kuposa ta anthu abwino. Pambuyo pace, ofufuza a m'maiko ambiri atasonkhanitsa zithunzi za anthu zikwi-zikwi, anaona kuti khomo la nkhokwe lija, hippocampus, limakhalanso locepako mwa odwala schizophrenia ndiponso mwa amene akhala ndi nthenda ya kupsinjika mtima yobwera-bwera. Mu 2015 ophunzira a pa sukulu yaikulu ya Stanford ku America anaphatikiza zofufuza 193 zokhudza anthu oposa 15,000, ena abwino, ena odwala mitundu isanu ndi umodzi ya matenda a maganizo, kuphatikizapo schizophrenia, kupsinjika mtima, nkhawa yopitirira ndi ukapolo wa mowa ndi mankhwala oledzeretsa. Anapeza kuti ngakhale matendawa ndi osiyana maonekedwe, nyama ya ubongo inali yocepa pa malo amodzi-modzi: pena kutsogolo pakati pa mbali ziwiri za ubongo, kuseri kwa mphumi, ndi pena pobisika m'khwinya lakuya la m'mbali zonse ziwiri, pochedwa insula. Malo amenewa ndiwo amathandiza munthu kusankha cofunika pakati pa zambiri zimene alikuona ndi kumva, kudzigwira, kumvera mnzace cifundo, ndi kuyamba nchito mwa iye yekha.

Tsono pali mtundu wina wa dementia, wosiyana ndi wa amai, umene umayambira pa malo omwewa. Anayamba kuulongosola ndi Arnold Pick wa ku Prague mu 1892, ndipo lero uchedwa frontotemporal dementia. Kawiri-kawiri umagwira anthu a zaka za pakati pa 45 ndi 65. Woudwala sayamba ndi kuiwala ai, koma amasintha khalidwe: munthu waulemu amataya manyazi, wacifundo amauma mtima, wakhama amangokhala pansi osafuna kanthu, kotero kuti ambiri amayesedwa ofuntha. Mu 2022 ofufuza a ku Germany, otsogoleredwa ndi Nikolaos Koutsouleris wa ku Munich, mzinda womwe uja wa Kraepelin, anaphunzitsa kompyuta kuzindikira ubongo wa odwala mtundu umenewu, kenaka anaionetsa zithunzi za odwala matenda a maganizo. Mwa odwala schizophrenia khumi ali onse, pafupi-fupi anai anali ndi ubongo wofanana ndi wa dementia imeneyi, ndipo mwa odwala kupsinjika mtima anali ngati awiri mwa khumi.

Nditamva zimenezi ndinakumbukira mng'ono wanga ali pa mpando, ndi mau onse oipa amene tinamunenera zaka zonsezo. Cimene tinacicha ulesi ndi cizindikiro codziwika ca nthenda yace, ndipo cimagwirizana ndi gawo la ubongo limene limauza munthu kuti nyamuka. Tinali kukalipira wopunduka mwendo kuti bwanji sathamanga.

Koma ndisakusokeretseni, abale anga, pakuti kufanana sikutanthauza kuti matendawa ndi amodzi. Mu dementia maselo amafa cifere-ifere caka ndi caka, ndipo kufikira lero palibe mankhwala ocizira nthenda ya Alzheimer. Mu schizophrenia kucepa kwa ubongo ndi kwapang'ono, koonekera bwino poyerekeza magulu akulu a anthu, kotero kuti dotolo sangaone cithunzi ca munthu mmodzi ndi kunena kuti uyu ndi wofuntha. Mng'ono wanga sanajambulidwe nkomwe. Ndiponso wodwala maganizo ali ndi ciyembekezo cacikulu, pakuti kuyambira mu 1952, pamene mankhwala a chlorpromazine anayamba kugwiritsidwa nchito ku Paris, anthu osawerengeka amasulidwa ku zingwe nabwerera kwao. Ndi zoona kuti odwala schizophrenia kapena kupsinjika mtima ali pa ngozi yokulirapo ya kudzaiwala akakalamba, koma si onse ai, ndipo ici ndi cifukwa cina cowasamalira msanga.

Matendawa sali kwathu kokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linawerengera kuti mu 2021 anthu 57 miliyoni anali ndi dementia, ndipo oposa 60 mwa 100 ali onse anali m'maiko osauka ndi otukuka pang'ono. Schizophrenia imagwira munthu ngati mmodzi mwa 300. Imapezeka ku Germany, ku Japan ndi ku America, kumene agogo oiwala sawacha mfiti. Ndipo mu 2024 gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi nyuzi ya madotolo ya The Lancet linachula zinthu 14 zimene, zitapewedwa, zingacepetse kapena kucedwetsa dementia pafupi-fupi 45 mwa 100. Zina mwa izo ndi kuthamanga kwa magazi, nthenda ya shuga, fodya, kumwa mowa kwambiri, kubvulala m'mutu, kugontha ndi kusaona kosasamalidwa, mpweya wa utsi, kupsinjika mtima, kukhala wekha wopanda woceza naye, ndi kusaphunzira paubwana. Zambiri mwa izi ziri m'manja mwathu: kukapimitsa magazi ku kiliniki, kucepetsa kacasu, kubvala cisoti pa njinga yamoto, kutumiza ana ku sukulu, ndi kuceza ndi okalamba athu.

Titabwerera ku mudzi ndinapempha a Nyakwawa kuti aitane anthu pa bwalo. Ndinawaonetsa cithunzi ca m'mutu mwa amai, cinayenda dzanja ndi dzanja, ndipo ndinafotokoza za nshawa yofota ndi khomo la nkhokwe monga ndafotokozera inu. Ndinawakumbutsanso kuti lamulo la dziko lino la Witchcraft Act limaletsa kucha munthu mfiti, ndi kuti mu 2019 momwemo Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Mental Health Act yoteteza ufulu wa odwala maganizo, m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda. Sindinganame kuti onse anakhulupirira. Ena anacoka alikung'ung'udza, ndipo mpaka lero sapita pafupi ndi nyumba yathu. Koma patapita masabata awiri, mai uja wotaya mwana anabwera ndi mtsuko wa madzi, nautula pa khomo la amai, nati, “Mwana wanga anafa ndi malungo, ku kiliniki anandiuza. Mtima wowawa ndiwo unandilankhulitsa.”

Amai anakhala ndi moyo zaka zina zitatu. Tinamangirira belu la mbuzi ku citseko kuti akaturuka usiku timve, tinawacotsera nchito ya pamoto koma tinawasiyira ya kusenda nshawa, imene manja ao sanaiwale, ndipo tinaleka kutsutsana nao akanena za Fort Jameson. Amene anagona pafupi ndi khomo usiku uli wonse anali mng'ono wanga. Iye ndiye anali kuwasambitsa m'manja ndi kuwatemera nsima timbamu ting'ono-ting'ono. Kumapeto sanalinso kumudziwa, anali kumucha atate, ndipo iye anali kubvomera. Tsiku lina ndinamufunsa cimene cinamulimbitsa mtima m'mawa uja pakati pa miyala. Anaganiza nthawi yaitali monga mwa khalidwe lace, nati, “Akulu, ine ndidziwa m'mene cimawawira anthu akakuzinga iwe osamva cimene walakwa.” Amai anatisiya mu August 2022, ndipo anaikidwa mwaulemu ndi mudzi wonse.

Mtengo wa mango uja ukalipo, ndipo mng'ono wanga amakhala pa mthunzi wace akacoka ku munda wace wa nshawa. Pa mkono wace pakali cipsera ca cingwe cimene ndinamanga ine. Tsiku la nyeleti likafika ndimamuperekeza ndine tsopano. Akulu anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo, ndipo ine ndionjeza kuti usamuonenso kucepa nzeru. Cotero ndikupemphani inu a nyakwawa, inu akulu a mpingo, ndi inu nonse eni mabanja: mnyamata akayamba kumva mau amene inu simuwamva, musagulitse ng'ombe, pitani naye ku cipatala, ndipo nkhalamba ikapezeka pa khomo panu usiku, yambani mwaipfunditsa nsalu, muifunse kwao, muiperekeze. Ubongo umene unafota m'mutu mwa amai anga ndi womwewo uli m'mutu mwanga ndi mwanu, ndipo caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.